Achimwene a Corolla yowonetsa P0135, musanagule sensa werengani apa

Mwati Corolla yanu ya injini ya 1NZ yayatsa nyali ya check engine, ikumwa mafuta kuposa kale, scanner (kachipangizo kowerenga makodi a mavuto a galimoto) yawonetsa kodi ya P0135, ndipo mukufuna kusintha nokha oxygen sensor, sensa yoyeza mpweya wa oxygen mu utsi wa injini. N'zotheka, koma ndalama isatuluke kaye m'thumba.

P0135 ikunena za hita ya mkati mwa sensa yoyamba, Bank 1 Sensor 1, imene ili pa ekizozi utsi usanalowe mu catalytic converter, chigawo cha ekizozi chochepetsa poizoni wa mu utsi. Hitayi imatenthetsa sensa kuti iyambe ntchito msanga injini ikangolira. Kodiyo ikungoti magetsi sakuyenda bwino panjira ya hitayo, ndiye vuto likhoza kukhala fyuzi, waya wopsa pokhudza ekizozi, kapena pulagi yadzimbiri. Yambani ndi fyuzi. Kenako, injini itazizira, zulani pulagi ya sensa. Ngati ndi ya Denso mupeza mawaya anayi: awiri akuda ndi a hita. Ikani multimeter, mita yoyezera magetsi, pa ohms muyese akudawo. Pa oxygen sensor wamba, hita yabwino imawerenga pakati pa 11 ndi 16. Mita ikapanda kuwerenga kanthu, hita yaduka, sensa yatha basi. Ikawerenga bwino, isiyeni sensayo, londolani waya kulowera ku kompyuta ya galimoto.

Pogula ndi pamene ambiri amaluzira. Ma 1NZ ena atsopanopo ali ndi air-fuel sensor kutsogolo, yooneka chimodzimodzi ndi oxygen sensor wamba, mawaya anayi omwewo, koma hita yake imawerenga pansi pa ma ohms 4 ndipo kompyuta imaiwerenga mosiyana. Mukasinthanitsa, nyali ibweranso. Tengani nambala yolembedwa pasensa yakale kapena chassis number, mugule Denso kapena NTK yobwera ndi pulagi yake. Zija za universal zodula ndi kulumikiza mawaya ine sindizilimbikitsa, ndipo za m'magalimoto ophwasulidwa muziyese ndi mita pomwepo musanalipire.

Pa 1NZ ekizozi ili kuseri kwa injini, malo ndi opanikiza. Mukalowa pansi, galimoto ikhale pa masitandi, osati pa jeke yokha. Lizani injini mphindi ziwiri kapena zitatu kuti chitsulo chifunde, muzimitse. Yotentha kwambiri ikuwotchani, yozizira kotheratu imakanirira. Thirani WD-40 m'munsi mwa sensa, dikirani mphindi 15. Zulani pulagi poyamba, apo ayi waya upotokola pomasula. Saizi ya sipanala ndi 22 mm, ndipo pali soketi yong'ambika m'mbali yodutsitsa waya. Sipanala yotsegula kukamwa imadya makona, mukatero ntchito ya theka la ola isanduka ya tsiku lonse. Sensa ikalimba musaikakamize: masulani pang'ono, bwezerani, thiraninso, mpaka itatuluka. Mazinga a ekizozi akaphwanyika ndiye kuti mukufunika tap (chitsulo chokonzera mazinga) ya M18 x 1.5, kapena kwa owotcherera.

Yang'anani mutu wa yakaleyo. Mwaye wakuda ukusonyeza kuti mafuta akuchuluka. Zoyera ngati choko nthawi zambiri ndi silikoni kapena coolant yolowa mu injini, ndipo yatsopano ifa imfa yomweyo mukapanda kukonza gwero lake.

Yatsopano nthawi zambiri imabwera itapakidwa kale girisi wapadera m'mazinga. Musakhudzitse kumutu, ndipo musaitsuke ndi petulo. Ilowetseni ndi dzanja mpaka itakhala, kenako mumange pa 44 Nm ndi sipanala yoyeza mphamvu yomangira (torque wrench). Waya abwerere m'timakilipu take, kutali ndi ekizozi.

Fufutani kodi ndi scanner, yendani makilomita angapo, muyang'ane live data, manambala amene scanner imaonetsa injini ikulira, injini itatentha. Oxygen sensor wamba yakutsogolo iyenera kudumphadumpha pakati pa 0.1 ndi 0.9 V. Ikangoima pamodzi, pali china. Mukaona P0171, kodi yoti mpweya wachuluka kuposa mafuta, fufuzani mpweya wolowera pamapaipi ong'ambika kapena MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini) yakuda. Ikatuluka P0420, kodi yoti catalytic converter sikugwira bwino ntchito, igogodeni kuti mumve ngati ili yopanda kanthu mkati: magalimoto ena anachotsedwa kale za mkati mwake n'kugulitsidwa, ndipo zikakhala choncho palibe sensa yatsopano imene ingazimitse nyaliyo.