Chigongono chikamawawa, yambani mwaona kagwiridwe ka raketi

Mayi ena andilembera pa imelo kuti ayamba kusewera badminton miyezi itatu yapitayo, koma shuttle yawo (kampira ka nthenga kamene amamenya) sifika kumapeto kwa bwalo ndipo chigongono chimawapweteka akamaliza masewera.

Kalata yanu, mayi, yandikhudza kwambiri chifukwa ndinavutika ndi zomwezo kwa zaka ziwiri. Ndinayambira mu holo ya pasukulu ina, komwe tinali ambiri koma maraketi anali anayi okha, ndipo panalibe munthu wotionetsa kagwiridwe kake. Ndinkagwira raketi nkhope yake itayang'ana neti, monga mmene munthu amagwirira chophera ntchentche, ndipo ndinkaifinya ndi zala zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pafupi ndi neti zinkayenda, choncho ndinkaganiza kuti palibe cholakwika. Koma bwalo la badminton ndi lalitali mamita 13.4, ndipo ndikamenya ndili kumbuyo shuttle inkagwera chapakati pa mbali ya mnzanga, iye n'kuiwomba pansi mosavuta. Ndinkawonjezera mphamvu za paphewa, ndipo m'mawa mwake ngakhale kunyamula ndowa yamadzi kunkandivuta.

Amene anandithandiza anali bambo ena achikulire omwe ankabwera kudzaonerera. Anachotsa raketi m'manja mwanga, anandipatsa moni wa chanza, kenaka anachotsa dzanja lawo n'kulowetsa chogwirira pomwepo. Kwa milungu ingapo ndinkasewera moipa kuposa kale, ndipo masana ena ndinabwerera kunyumba ndili wokhumudwa zedi, koma kuwawa kuja kunayamba kuchepa.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi aphunzitsi amene amathamangira kuphunzitsa ana smash (kuwomba shuttle pansi mwamphamvu) asanawakonze zala. Amawalakwira anawo, pakuti chizolowezi cha dzanja chikakhazikika chimavuta kuchotsa kuposa kuphunzira kuyambira pachiyambi. Sindigwirizananso ndi zothamangira kugula raketi yodula poganiza kuti vuto lili pamenepo. Shuttle ya nthenga 16 imalemera pafupifupi magalamu 5, ndipo raketi yolembedwa 4U imalemera magalamu 80 mpaka 84, kotero masewerawa safuna mphamvu zowazira nkhuni. Liwiro limachokera m'kupotoka kwa mkono ndi m'kufinya kwa zala pa nthawi yomenya. Taufik Hidayat wa ku Indonesia, amene anapambana mendulo ya golide ku Athens mu 2004, anatchuka ndi backhand yake yamphamvu (kumenya kumbuyo kwa dzanja kutayang'ana neti), ndipo mukaonerera masewera ake mudzaona kuti dzanja lake limakhala lomasuka mpaka shuttle itafika.

Zoyenera kuchita

Imikani raketi cham'mbali, mkombero wake utaloza pansi ngati kukamwa kwa chikwanje, ndipo gwirani chogwirira monga popereka moni. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zipange chilembo cha V pamwamba pa chogwirira, ndipo chamkombaphala chitalikirane pang'ono ndi zinzake. Raketi ikhale m'zala, pakhale kampata pakati pa chogwirira ndi chikhatho, ndipo muzifinya pokhapokha pamene mukumenya. Pa backhand ya kutsogolo kwa thupi, tembenuzani raketi pang'ono kuti chala chachikulu chigone pa mbali yotambalala ya chogwirira n'kumakankha. Shuttle ikakudutsani, chalacho chisunthire pa kambali kopendekeka ka chogwirira. Yesezani kusinthaku mutakhala pampando kunyumba, kwa mphindi zochepa tsiku lililonse.

Onaninso kukula kwa chogwirira, chifukwa pa maraketi a kampani ya Yonex chogwirira cholembedwa G5 ndi chocheperako kuposa cha G4, ndipo chikakucheperani mungathe kukulungapo overgrip, tepi yowonjezera kukula kwa chogwirira. Ngati chigongono chikupwetekabe ngakhale mwapumula kwa milungu iwiri, mayi, ndikukupemphani kuti mupite kuchipatala musanabwerere m'bwalo.