Golide wa Spain, nkhosa za ansembe, ndi mbale ya amayi anga

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mangochi amene amatsogolera achinyamata kutchalitchi kwawo. Akuti pa mapemphero ochezera mlaliki wina anati dziko la Spain linathamangitsa Asilamu ndi Ayuda mu 1492, ndipo chaka chomwecho Mulungu analipatsa America ndi golide wake. Awauza kuti akaphunzitse zimenezi Lamlungu, koma mtima ukuwakana poti amene amatunga nawo madzi pamjigo ndi Asilamu. Ndiye akufunsa ngati nkhaniyo ndi yoona.

Achemwali, ndinafuna kukuyankhani ndi mizere iwiri koma zandikanika. Mundipirire, mwandikhudza pachilonda.

Amayi anga anabadwira m'banja la Chisilamu. Pokwatiwa ndi bambo analowa kalasi, anabatizidwa, anapatsidwa dzina latsopano, ndipo yunifomu ya amayi a mumpingo anaivala zaka zoposa 30. Pamaliro ankakhala oyamba kufika ndi nkhuni pamutu. Kosesa tchalitchi Loweruka sankajomba. Koma nkhumba sankadya. Sankaletsa munthu, ife ankatiphikira mu poto wina, iwo n'kudyera nsima yawo nkhwani. Ankati imangowanyansa basi, monga momwe ena mbewa zimawanyansira. Ndili Sitandade 6, pa madyerero a ukwati wina, mayi wina wamkulu mumpingo anatapa nthuli ya nkhumba n'kuiika dala m'mbale ya amayi, anthu akuona, n'kunena kuti, "Tione ngati madzi a ubatizo anagwira." Anthu anaseka. Amayi nawo anaseka, kuseka kwa munthu wosowa kothawira, n'kuidya. Usiku ndinawamva akusanza kuseri kwa nyumba. Chaka chimene chimanga chinapsa ndi dzuwa, anthu anayamba kunong'onezana kuti madalitso sangalowe m'nyumba ya magazi awiri. Chimanga chinapsa mudzi wonse, koma chathu chokha ndicho chinapezeredwa chifukwa.

Zimenezi ndinazikwirira mpaka pamene ntchito yanga ya ulimi wothirira inandifikitsa ku Valencia, mzinda wa ku Spain, kumaphunziro a masabata atatu. Lachinayi lina masana anatitengera pakhomo la tchalitchi chachikulu cha mumzindawo. Tinapeza alimi ovala malaya akuda atakhala pamipando mozungulira, akuweruza milandu ya madzi: uyu watsegula ngalande tsiku losakhala lake, uyu sanalambule mbali yake. Zonse zapakamwa, chigamulo pompopompo, ngati bwalo la kwa amfumu. Bwaloli limatchedwa Tribunal de las Aguas, ndipo limakumana Lachinayi lililonse. Wotiperekeza anangotchula modutsa kuti tchalitchicho chinamangidwa pamene panali mzikiti, ndiponso kuti mfumu Jaime I italanda mzindawo mu 1238 inalamula kuti madzi azigawidwa monga momwe ankagawidwira m'nthawi ya Asilamu. Ngakhale dzina la ngalande m'Chisipanishi, acequia, ndi lochokera ku Chiarabu. Ndinafunsa kuti nanga eni luso limeneli anapita kuti. Anandiuza kuti ndikawerenge za 1609. Ndinayamba usiku womwewo kuhotela, ndipo m'mabukumo ndinawapezamo amayi anga.

Anthu amenewo ankatchedwa Moriscos, Asilamu obatizidwa mokakamiza pamodzi ndi ana awo ndi zidzukulu zawo. Bwalo lofufuza za chikhulupiriro la Inquisition, limene linakhazikitsidwa mu 1478, linkalandira nkhani zawo kuchokera kwa anthu oyandikana nawo nyumba. Umboni wake ndi woti sadya nkhumba, samwa vinyo, amasamba kawirikawiri, amavala zochapa Lachisanu. Panalinso malamulo a "magazi oyera", oletsa aliyense amene agogo ake anali Myuda kapena Msilamu kulandira maudindo ena. Tchalitchi chachikulu cha Toledo chinakhazikitsa lamulo lotere mu 1547. Mayi uja wa nthuli ya nkhumba za Toledo sanazimvepo, koma ntchito yake inali yomweyo.

Tsopano zaka za mlaliki wanuyo. Granada, ufumu womaliza wa Asilamu ku Spain, unagwadi mu Januwale 1492. Lamulo lothamangitsa Ayuda linasainidwa mu Malichi, ndipo Columbus ananyamuka mu Ogasiti pa ulendo umene unamufikitsa ku America. Apo sananame. Koma Asilamu sanathamangitsidwe chaka chimenecho. Pangano la Granada linawalonjeza kuti azipembedza mwaufulu, kenako linaphwanyidwa, ndipo mu 1502 a ku Castilla, ufumu waukulu wa m'dziko la Spain, anauzidwa kuti asankhe ubatizo kapena ulendo. Kuthamangitsa kwenikweni kunachitika kuyambira 1609 mpaka 1614, anthu pafupifupi 300,000. Pofika nthawi imeneyo mafumu a Spain anali atalephera kale kubweza ngongole zawo mu 1557, 1575, 1596 ndi 1607. Dziko lodalitsidwalo linkakhalira katapila wa amalonda a ku Genoa ndi ku Germany, siliva akatsika m'zombo ku Sevilla n'kumangodutsa ngati madzi m'dengu, kukalipira nkhondo za ku Flanders, dera la kumene lero kuli Belgium ndi Netherlands. Ndatchula siliva dala, chifukwa chuma chochuluka chinali siliva, makamaka wa ku Potosí, phiri la ku Bolivia wa lero limene linayamba kukumbidwa mu 1545 ndipo linameza anthu a kumeneko osawerengeka ogwira ntchito yokakamizidwa. Wina akatcha zimenezo dalitso, ine ndimafuna andiuze kuti Mulungu wa anthu a ku Potosí anali ndani. Komanso mmodzi mwa anthu amene anapezera Columbus ndalama za ulendo, Luis de Santángel, anali wa banja la Ayuda otembenuka. Magazi awiri aja.

Koma chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi mawu oti "Spain inalemera", ngati kuti Spain inali munthu mmodzi wokhala ndi thumba limodzi. Tsegulani mapu.

Kumpoto chakumadzulo kuli Galicia, kwa mvula ndi mapiri. Asilamu kumeneko sanakhazikikeko. Ndi kumene kuli Santiago de Compostela, kumene amati kuli manda a mtumwi Yakobo, ndipo kuyambira zaka za m'ma 800 anthu akhala akuyenda wapansi kupita kumeneko. Njira yawo inakuza matauni ngati Jaca, Estella, Logroño ndi Burgos, poti wapaulendo amafuna mlatho, pogona, mkate ndi wosintha ndalama. Mwa chiphunzitso cha mlaliki wanu, Galicia inayenera kukhala yolemera kuposa zigawo zonse. Koma minda yambiri inali ya nyumba za amonke, ya mabishopu ndi ya anthu apamwamba, mlimi n'kumalima kachigamba kobwereka, kulipira lendi ndi zokolola, pamwamba pake chakhumi. Ana a ku Galicia ndiwo ankatsikira ku Castilla kukachita ganyu yokolola tirigu. Panalinso msonkho wina wotchedwa Voto de Santiago: alimi a zigawo zakutali ankapereka muyezo wa tirigu ku tchalitchi cha Santiago pothokoza kuti mtumwiyo akuti anaoneka pa kavalo woyera n'kuthandiza Akhristu kugonjetsa Asilamu pa nkhondo ya Clavijo. Akatswiri a mbiri amati nkhondoyo ndi nthano, ndipo chikalata chake chinapekedwa patapita zaka mazana. Tirigu yekha ndiye anali weniweni, ndipo anaperekedwa mpaka zaka za m'ma 1800. Chimene chinapepuza njala ya ku Galicia ndi Asturias ndi chimanga, chimene chinafala kumeneko m'zaka za m'ma 1600. Mpaka lero mukaona nkhokwe zawo zamiyendo, zina zamiyala, zokhala ndi kamtanda padenga, mukhoza kuseka nokha poganiza za kwathu.

Nkhosa

Pakati pa dzikolo pali chigwa chokwera, chouma, chozizira koopsa nyengo yachisanu. Madera a mtsinje wa Duero Akhristu anawatenga pang'onopang'ono, alimi wamba n'kumakhazikamo midzi yawo. Koma atagonjetsa Asilamu pa nkhondo ya Las Navas de Tolosa mu 1212 zinthu zinathamanga: Córdoba inagwa mu 1236, Sevilla mu 1248. Malo anachuluka kuposa anthu oti akhalemo, ndiye mfumu inagawa zigawo zikuluzikulu kwa amene anaithandiza nkhondo. Ambiri mwa malo a Extremadura ndi La Mancha anapita kwa magulu a asilikali olumbira ngati amonke, a Santiago, a Calatrava ndi a Alcántara. Munthu ukakhala ndi dziko lalikulu lopanda olima, umaweta. Mu 1273 mfumu Alfonso X inavomereza bungwe la eni nkhosa lotchedwa Mesta. Chaka ndi chaka abusa, ndikunena abusa a nkhosa zenizeni, ankatsika nazo kuchokera ku mapiri a León, Soria, Segovia ndi Cuenca kupita kummwera kukadya msipu wa nyengo yozizira, n'kubwerera kukafunda. Njira zawo zinali zotetezedwa ndi lamulo, zazikulu zake pafupifupi mamita 75 m'lifupi, ndipo mlimi wolima m'njiramo ankalipitsidwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500 nkhosa zoyenda motere zinali pafupifupi mamiliyoni atatu. Msipu wa kummwerawo unali wolipira, ndipo ambiri mwa olandira anali magulu opemphera aja. Ubweya wa nkhosa za mtundu wa merino unkasonkhanitsidwa ndi amalonda a ku Burgos, kukwera zombo ku Bilbao ndi Santander, kukawombedwa ku Flanders, n'kubwerera uli nsalu yodula. Amene munagulitsako thonje n'kukagula chitenje mukudziwa amene amadyerera pamenepo.

Apa pali kanthu kamene ndimakakonda. Mu 1523 Papa anapereka utsogoleri wa magulu atatu aja m'manja mwa mfumu mpaka kalekale. Posakhalitsa mfumu Carlos, itamira m'ngongole, inabwereketsa ndalama zochokera m'malo amenewo kwa banja la Fugger, okongoza ndalama a ku Augsburg ku Germany. M'malomo munali mgodi wa mercury, chitsulo chamadzimadzi, wa ku Almadén, umene unali wa gulu la Calatrava, ndipo mercury ameneyo ndi amene pambuyo pake ankayengera siliva ku America. Dziko lolandidwa m'dzina la mtanda linathera m'buku la wokongoza ndalama. Chakhumi chomwe mfumu inali ndi gawo lake, magawo awiri mwa asanu ndi anayi alionse.

Mtsutso wa ngati nkhosa zinasaukitsadi ulimi wa Castilla ulipo pakati pa akatswiri, ndipo ena amati Mesta inanamiziridwa zambiri. Ine ndimaima poti kummwera kuja, Andalucía ndi Extremadura, kumene malo anagwera m'manja mwa ochepa, n'kumene kunadzakhala dziko la aganyu odikira pabwalo la tauni m'mamawa kuti kapitawo awaloze chala. Wina wa ku Thyolo safunika kumufotokozera.

Ndibwerere ku Valencia kuja. Kumeneko Asilamu ambiri anatsala pambuyo pa 1238 chifukwa eni malo atsopano ankafuna manja olima, moti panali mwambi woti amene ali ndi Mmoro, kutanthauza Msilamu, ali ndi golide. Anabatizidwa mokakamiza m'zaka za m'ma 1520, koma anapitiriza kulankhula Chiarabu, kulima nzimbe za banja la Borja ku Gandía, kuweta mbozi za silika, ambiri akukhala m'midzi ya m'mapiri ouma. Mu Seputembala 1609, bishopu wamkulu Juan de Ribera atalimbikira kwa zaka kuti athamangitsidwe, anapatsidwa masiku atatu kuti apite kumadoko ngati Dénia ndi Alicante, kukakwera zombo za kumpoto kwa Africa. Ufumu wa Valencia unataya munthu mmodzi mwa atatu alionse. Lamulolo linali ndi ndime imene imandiseketsa mowawa: mabanja 6 pa 100 alionse atsale kuti aphunzitse obwera kumene za zigayo za shuga, za mpunga ndi za kuthirira. Ankadziwa bwino lomwe chimene akutaya. Midzi ina inasanduka mabwinja, shuga wa ku Gandía sanadzukenso monga kale, ndipo ena mwa oluza anali ansembe ndi masisitere amene anakongoza ndalama zawo n'kumalandira chiwongoladzanja kuchokera pa minda ya anthu omwewo, poti olipira anali atawoloka nyanja ndipo chiwongoladzanja chinatsitsidwa ndi lamulo. Eni malo akuluakulu anawapukuta misozi powapatsa minda ya othamangitsidwawo.

Nanga Lamlungu mukanene chiyani? Phunziro limenelo musaliphunzitse momwe analiperekera. Pitani kwa amene anakutumaniwo pakati pa sabata, paokha, osati pagulu, muwaonetse zaka ziwiri zokha, 1557 ndi 1609, muwafunse modzichepetsa kuti zikugwirizana bwanji ndi ulaliki uja. Akaumirira, pemphani mutu wina. Ngati achinyamatawo amva kale nkhaniyo, jambulani mapu pabolodi, muike Galicia, Extremadura, Sevilla ndi Valencia, ndipo pa dera lililonse muwafunse kuti munda unali wa ndani, madzi ankagawa ndani, chakhumi chinkapita kuti.

Amayi anatisiya ndisanawauze za anthu a ku Valencia aja. Pamaliro awo kunabwera azichimwene awo ovala zisoti zoyera, ndipo amayi a mumpingo anawaphikira mbuzi yozingidwa ndi shehe, mu mapoto atsopano obwereka. Mayi uja wa nthuli anali mmodzi mwa ogawa ndiwo.