Kunenepa, ukalamba ndi sepsis: kodi thupi lalikulu limateteza?

Mayi wina watilembera imelo. Amayi ake, a zaka 72, ndi onenepa ndipo ali ndi shuga. Anagonekedwa m'chipatala matenda a m'chikhodzodzo atakula n'kukhala sepsis. Wina wamuuza kuti asade nkhawa chifukwa anthu onenepa amapulumuka sepsis kuposa owonda. Akufunsa ngati zili zoona, komanso ngati thupilo lingawathandize pa msinkhu umenewu.

Achemwali, amene anakuuzaniyo sananame kwenikweni, koma anakupatsani theka la nkhani.

Sepsis imabwera pamene thupi, polimbana ndi tizilombo, liyamba kuwononga ziwalo zake zomwe: impso zimasiya kusefa, mapapo amalephera kukoka mpweya wokwanira, BP imagwa, ubongo umasokonezeka. Mu 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis padziko lonse, ndipo 11 miliyoni anamwalira.

Za kunenepazo zinachokera m'mafayilo a odwala ambirimbiri, makamaka a ku America ndi ku Ulaya. Powerengera, ofufuza amapeza kuti odwala sepsis amene BMI yawo (nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) ili pakati pa 25 ndi 40 amamwalira ocheperapo poyerekeza ndi a thupi lapakati, ndipo amene amafa kwambiri ndi owondetsetsa, a BMI yosafika 18.5. Kafukufuku wina anasonyezanso kuti mwayiwu umaoneka mwa achikulire, pomwe mwa achinyamata kunenepa sikuthandiza. Zifukwa zimene amapereka zilipo zingapo. Sepsis imadya thupi mofulumira, ndiye amene ali ndi nkhokwe amapirira masiku ambiri. Mafuta ena a m'magazi amamata poizoni wa mabakiteriya n'kumuchepetsa mphamvu.

Koma chifukwa chomwe ife timachikhulupirira kwambiri n'china. Funsani kuti owondawo anawonda bwanji. Ambiri ndi a khansa, TB, HIV yosamwera mankhwala, kapena okalamba amene minofu inatha kale. Chimawapha ndi matenda amene anawawondetsawo. Mukaika anthu otere m'gulu la owonda, gulu la onenepa lioneka lamwayi basi. Kwathu kuno mfundoyi ndi yolemera, poti ambiri amene amafika ndi sepsis m'zipatala zazikulu ndi achinyamata a HIV, ena mwa iwo TB itawafalikira m'thupi. BMI nayo sisiyanitsa mafuta ndi minofu. Agogo angalemere makilo 95 koma miyendo ilibe mphamvu yowadzutsa pampando, ndipo oterowo sepsis siwasiya.

Zaka ndizo zimalemera pa sikelo kuposa makilo. Munthu akapitirira zaka 65, chitetezo cha m'thupi chimachedwa kudzuka, impso zimakhala zitatsika kale mphamvu, mtima sutha kuthamanga mmene vutolo likufunira. Choopsa china n'chakuti matendawa amabisala. Okalamba ambiri satentha thupi. Ena amazizira, kutsika pansi pa madigiri 36. Chimene a pakhomo amaona ndi agogo kungogona, kukana nsima, kugwa popita kubafa, kuitana anthu amene anamwalira kalekale. Anthu amati ndi ukalamba, tsiku n'kupita, lachiwiri n'kupita. Amene amamwa mankhwala a BP monga atenolol, mtima wawo suthamanganso, ndiye chizindikiro chinanso chafufutika. Zitatu zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala ndi izi: kupuma maulendo 22 kapena kuposa pa mphindi, nambala yapamwamba ya BP kufika 100 kapena kutsikirapo, ndi kusokonezeka mutu kwachilendo. Ziwiri zikakumana mwa munthu amene akuoneka kuti ali ndi matenda, musadikire kuche.

Pamene kunenepa kumagwira ntchito yeniyeni ndi pa kawerengedwe ka mankhwala ndi dripu. Titenge mayi wamtali masentimita 160 wolemera makilo 100. BMI yake ndi 39, koma kulemera koyenera kutalika kwakeko ndi makilo 52. Malangizo a Surviving Sepsis Campaign, gulu la akatswiri a matendawa ochokera m'mayiko osiyanasiyana, amanena za dripu ya mamililita 30 pa kilo m'maola atatu oyamba. Mukawerengera makilo 100, ndi malita 3. Mukawerengera 52, ndi lita imodzi ndi theka kupitirirako pang'ono. Mafuta samwa madzi ngati minofu, choncho malita atatu othiridwa mothamanga mwa mayi wa zaka 72 angathere m'mapapo, n'kuyamba kubanika. Nkhaniyi si yongoganizira. Pa University Teaching Hospital ku Lusaka anayesa kupereka dripu yambiri mofulumira kwa odwala sepsis, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2017 zinasonyeza kuti 48 pa 100 anamwalira, pomwe mwa olandira chithandizo chanthawi zonse anali 33. Kumene makina opumira ndi ochepa, madokotala osamala amathira pang'onopang'ono, mamililita 250 kapena 500, n'kumvera pachifuwa, n'kuyezanso BP asanawonjezere.

Maantibayotiki ali ndi vuto la mbali ziwiri. Mlingo ukachepa pa thupi lalikulu, tizilombo sitifa. Ukachuluka, impso zimavulala, makamaka ndi gentamicin, amene salowa kwenikweni m'mafuta. Pa iyeyu amawerengera kulemera kwapakati: makilo 52 aja kuwonjezera magawo 4 pa 10 a makilo otsalawo, zomwe zikupereka pafupifupi 71. Ndipo pamene BP yagwa, jakisoni woyamba wa maantibayotiki ayenera kulowa mkati mwa ola limodzi, magazi okayeza atatengedwa kale ngati n'kotheka.

Inu monga wodikirira wodwala muli ndi zoti muziyang'ana. Lamba woyezera BP akakhala wamng'ono pa mkono waukulu, amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndiye munthu amene BP yagwa amaoneka ngati ali bwino. Pemphani lamba wamkulu. Funsani ngati anawayeza pa sikelo kapena anangoyerekeza ndi maso. Mkodzo muzionetsetsa: ukachepa kwambiri kapena kusiya kwa maola 6, uzani anamwino pomwepo. Agone mutu uli m'mwamba, chifukwa mimba yaikulu imapanikiza mapapo munthu akagona chagada. Atembenuzidwe maola awiri aliwonse, ndipo m'makwinya a khungu, kunsi kwa mabere ndi m'mphechepeche, mukhale mouma. Zilonda zimayambira momwemo, nazo zimabweretsa sepsis yachiwiri. Poti ali ndi shuga, yang'ananinso pakati pa zala za kumapazi. Mapiritsi a shuga a metformin nthawi zambiri amayamba awaimitsa kaye impso zikavutika, n'kugwiritsa ntchito insulin, choncho musawapatse mapiritsi a kunyumba dokotala asanalole.

Akatuluka, musalimbane ndi zowachepetsa thupi msanga. Sabata imodzi pabedi imadya minofu ya wokalamba kwambiri. Choyamba ndi mazira, nyemba, usipa, mkaka, ndi kuyenda pang'ono tsiku lililonse wina atawagwira mkono. Miyezi itatu yoyamba ambiri amabwereranso m'chipatala, ndiye akangoyamba kusokonezeka kapena kupuma mothamanga, abwerere tsiku lomwelo ndi buku lawo la kuchipatala.