Kodi gondolosi angathandize banja lomwe lasowa mphatso ya mwana?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti atha zaka zinayi pabanja popanda mphatso, akuchimuna ayamba kuwanena, ndipo kuchipatala akhala akupita okha. Amuna awo akukana kukayezetsa, ati amatafuna gondolosi tsiku lililonse, komanso anamva kuti pulofesa wina wa kuno kwathu adatsimikiza kuti gondolosi amalimbitsa mbewu ya abambo. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Mayi, pulofesayo alipodi. Ndi a Fanuel Lampiao, katswiri pa nkhani za uchembere wa abambo, omwe adaphunzira ku Stellenbosch University ku South Africa ndipo akhala akuphunzitsa ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Mu 2008, iwo ndi anzawo, kuphatikizapo a Stefan du Plessis, adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa gondolosi, yemwe asayansi amamutchula kuti Mondia whitei.

Tamvani zomwe adachita. Adatenga mbewu ya abambo mu labotale, n'kuisakaniza ndi madzi a gondolosi, kenako n'kumaona m'mene ikuyendera. Adapeza kuti mbewu yomwe idakhudzana ndi madziwo inkayenda bwino kuposa inzake. Ine ntchitoyi ndimainyadira kwambiri, chifukwa mankhwala omwe makolo athu ankawadziwa kale adafika poyesedwa mwasayansi ndi Mmalawi mnzathu. Koma zonsezi zidachitikira m'kabotolo. Munthu akatafuna muzu, madzi ake amadutsa m'mimba ndi m'chiwindi, ndipo kafukufukuyu sadayeze ngati amafika komwe mbewu imapangidwa. Sadanenenso kuti bambo wotafuna gondolosi adzapereka mimba.

Pali china chomwe abambo ambiri amasokoneza. Mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi zinthu ziwiri. Bambo atha kukhala wamphamvu, umuna n'kumatuluka wambiri, koma mkati mwake mbewu ili yochepa, yofooka, kapena mulibiretu. Ndi maso simungaone. Chinzonono chomwe sichidachizidwe bwino chimatha kutseka njira ya mbewu. Matsagwidi akagwira munthu atakula kale amatha kuwononga mavalo. Mitsempha yotupa ya m'mavalo, fodya ndi mowa wambiri nazonso zimachepetsa mbewu. Ngati njira idatsekeka, angatafune mtolo wonse wa gondolosi, sipasintha kanthu.

Madokotala amati pafupifupi theka la mabanja ovutika kubereka, vuto limakhudzanso bambo. Zimandipweteka kuti ngakhale zili choncho, wonyozedwa pamudzi amakhala mayi, wozungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero amakhalanso mayi. A Lampiao omwewo akhala akunena poyera kuti abambo nawo amakhala ndi mavuto a uchembere, ndipo kwa ine uthenga umenewu ndi wolemera kuposa za gondolosi zija. Amuna anu agwira mbali imodzi ya ntchito ya pulofesayu, n'kusiya yomwe ikuwakhudza.

Kuyeza kwake sikopweteka, palibe jakisoni. Bambo amakhala masiku 2 mpaka 7 osagona ndi mkazi, kenako amapereka umuna m'kabotolo, ndipo a labotale amawerenga mbewu pa maikulosikopu. Malinga ndi muyezo wa 2021 wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization, mbewu imayembekezeka kufika 16 miliyoni pa mililita imodzi ya umuna, ndipo zosachepera 42 pa 100 zilizonse zizikhala zikuyenda.

Nkhaniyi muiyambe muli awiri, osati pamaso pa ankhoswe kapena apongozi, ndipo muwapemphe kuti mupite limodzi, nonse mukayezedwe. Zotsatira zikakhala zotsika, musataye mtima msanga. Thupi limatenga miyezi iwiri ndi theka kuti lipange mbewu yatsopano, ndipo ngakhale malungo otentha thupi kwambiri amatha kuitsitsa kwa kanthawi. N'chifukwa chake adokotala amauza bambo kuti abwerenso pakatha miyezi itatu kuti adzayezedwe kachiwiri asanagamule chilichonse.