Kwa mayi a ku Area 25 amene mwana wawo amamasukira mlangizi wa kalabu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Area 25 mu Lilongwe, odandaula kuti mnyamata wawo wa zaka 16 sanena kanthu pakhomo, koma zakukhosi zonse amakakhuthula kwa mlangizi wa kalabu ya achinyamata, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kumuletsa kupitako. Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, chifukwa mnyamata amene mukumunenayo ndinali ine.

Ndili Folomu 3, tikukhala ku Kawale, bambo anga ntchito inawathera ndipo ine ndinayamba kujomba. M'mawa ndinkachoka nditavala yunifolomu, koma ndikafika ku depoti ndinkaivula n'kuipinda m'jumbo, n'kuyamba kunyamulira anthu katundu wopita ku msika wa Tsoka, ndipo ndalama zake zinkathera m'masacheti. Amene anazindikira anali bambo ena amene ankaphunzitsa mpira pabwalo lafumbi la kwathu, osalipidwa ndi wina aliyense, chuma chawo chili wenzulo ndi mpira umodzi wa zigamba. Sanandikalipire ayi. Anangondisungitsa mpirawo, kutanthauza kuti Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndinayenera kufika pabwalo ndisanalawe kanthu, apo ayi anzanga onse akhala osasewera chifukwa cha ine. Panapita miyezi iwiri asanatchule za sukulu, ndipo tsiku limene anandifunsa za fizi, titakhala pamulu wa njerwa dzuwa likulowa, ndinalira ngati mwana wakhanda. M'mawa mwake anapita okha kukaonana ndi mayi anga.

Pamwambo wathu mwana saulula kwa womubala nkhani za kutha msinkhu, za zibwenzi kapena za manyazi ake. Imeneyo inali ntchito ya amalume, azakhali ndi anankungwi, koma muno m'tauni amalume ali ku Dedza, ena ali ku Joni, ndipo mpando wawo ukakhala wopanda munthu amakhalapo ndi anzake a pa mabetingi. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mlangizi wabwino akungochita zomwezo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osafika zaka 18. Bungwe loona za achinyamata la National Youth Council of Malawi lilipo kuyambira pa lamulo la 1996, ndipo ndondomeko ya boma imati wachinyamata ndi wa zaka 10 mpaka 35, zomwe zimandiseketsa, popeza mwana wa Sitandade 4 ndi bambo wa ana atatu akuwerengedwa pamodzi. Koma malamulo sayenda okha kukafika ku Mtandire kapena ku Chinsapo. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti ukwati uziyambira zaka 18, komabe mtsikana amene wadzitsekera m'nyumba ndi mimba sangazidziwe zimenezi pokhapokha wina atagogoda pachitseko n'kumuperekeza kwa ahedi. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, tinaona tonse mmene mimba za atsikana zinachulukira.

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti si onse ovala tisheti ya kalabu amene ndi alangizi. Ndinagwirapo ntchito kubungwe lina kumene "kuthandiza achinyamata" kunkatanthauza masiku atatu m'holo ya ku Mponela, kusayina alawansi, kujambulitsa zithunzi, basi, ndipo palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa dzina la kholo la mwana aliyense. Kumeneko n'kudyera ana masuku pamutu. Munthu amene sanapondepo pakhomo pa mwana amene akumulangiza ine sindimutcha mlangizi, kaya ali ndi mapepala otani.

Zoti muchite

Musamuletse, koma pitani mukamuone mlangiziyo masana kalabu ikukumana, mumufunse amene amamuyang'anira, ndiponso ngati kalabuyo imadziwika kuofesi ya achinyamata ya ku khonsolo. Mukamva kuti amaitanira ana kunyumba kwake paokha, kapena amawapatsa mphatso n'kuwauza kuti asanene, mumuchotseko mwanayo tsiku lomwelo ndipo muimbe foni yaulere ya 116 yothandiza ana. Akakhala wolongosoka, musamukakamize kuti akuuzeni zimene mwana wanu amanena. Mayi anga sanawafunsepo bambo aja zimenezo, ankangobwera Lachisanu kudzaonerera mpira ataima patali, dengu la tomato lili pamutu.