Akumuumiriza kuchotsa mimba, lamulo lili mbali ya ndani?

Achemwali, mwafunsa ngati pali lamulo lomwe lingateteze mng'ono wanu, poti mwamuna amene anamupatsa mimba wamuima pakhosi kuti akachotse, mwini wake asakufuna. Lilipo. Simunanene dziko lomwe muli, ndipo malamulo amasiyana, koma pa nkhani yokakamiza ndi pamene ngakhale mayiko otsutsana amakumana. Kumene kuchotsa mimba n'koletsedwa, wokakamizayo akukankhira munthu ku mlandu, ndiye naye mlandu sungamuphonye. Kumene n'kololedwa, chilolezo chofunika ndi cha mwini mimba. Ku South Africa lamulo la 1996 limanena mosabisa kuti amene ayenera kuvomera ndi mayiyo basi, osati mwamuna kapena makolo.

Mayiko ena anachita kulemba mlanduwu ndi dzina lake. Ku Germany, gawo 240 la malamulo a milandu limaika kukakamiza mayi woyembekezera kuti achotse mimba m'gulu la milandu yaikulu ya kuumiriza munthu, ndipo chilango chake ndi kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 5 m'ndende. Ku India, wochititsa mayi kupita padera iye asanavomere atha kukhala kundende moyo wake wonse. Pangano la Istanbul la 2011, lolimbana ndi nkhanza kwa amayi, m'gawo 39 limauza mayiko omwe analivomereza kuti kuchotsa mimba popanda chilolezo cha mayi ukhale mlandu. Kumsonkhano wa amayi wa ku Beijing mu 1995 anali atagwirizana kale kuti zimenezi ndi nkhanza kwa amayi. Chodabwitsa n'chakuti m'dziko lomwelo la China, nthawi ya lamulo la mwana mmodzi, wokakamiza nthawi zina anali akuluakulu a boma enieniwo. Mu 2012 chithunzi cha mayi wina wa ku Shaanxi, yemwe anamuchotsa mimba ya miyezi 7 mokakamiza, chinazungulira pa intaneti mpaka ena mwa akuluakuluwo anachotsedwa ntchito.

Tsopano vuto lili apa, ndipo ndipamene ndikufuna mumvetsere. Lamulo limagwira msanga munthu amene wathira mankhwala m'chakumwa mobisa kapena wamenya mayi pamimba, chifukwa pamakhala umboni wa kuchipatala. Koma kukakamiza kwambiri sikusiya bala. Ndi mawu onena motsitsa, akuti "ukapanda kuchotsa usandidziwenso", "ndisiya kulipira nyumba", "ndiuza aliyense kuti si yanga". Mtsikana amatopa, kenako amapita yekha ndi miyendo yake, n'kusaina ndi dzanja lake, ndipo papepala zimaoneka ngati anafuna.

Ndinaziona kwa mnzanga wina. Mwamuna anamuperekeza mpaka m'chipinda cha namwino, foni ya mkaziyo ili m'thumba mwa bamboyo. Funso lililonse ankayankha ndi iye. "Takambirana kale, tagwirizana." Mnzangayo maso ali pansi, akungopotokola nsonga ya malaya. Chinamupulumutsa n'chakuti namwino anati abambo adikire panja kaye, pali zoti amuyeze. Chitseko chitangotsekedwa misozi inayamba. N'chifukwa chake malamulo ena, monga a boma la Michigan ku America, amalamula kuti achipatala amufunse mayi ngati pali amene akumukakamiza, ndipo mu 2016 kumeneko anakhwimitsa kuti kukakamizako pakokha ukhale mlandu.

Choncho mng'ono wanu asafufute uthenga ngakhale umodzi. Ndikudziwa, munthu ukapwetekedwa umafuna kufufuta zonse kuti usazionenso, koma mawu a pa WhatsApp amenewo ndiwo mboni yake. Awajambule, akutumizireni inu, pakuoneka tsiku ndi nthawi. Ngati bamboyo anatumiza ndalama n'kulemba kuti ndi za chiyani, nazonso asunge. Asamwe mankhwala alionse ochokera m'manja mwa munthu ameneyo, ngakhale atati ndi a mutu kapena oonjezera magazi. Akadzapezeka kuti wafikitsidwa kuchipatala, apemphe kulankhula ndi dokotala ali yekha, anene mawu awiri okha: "Akundikakamiza, sindikufuna." Dokotala amene angapitirize atamva zimenezo wadziika yekha pa mlandu. Zikafika poopsezana, mupite limodzi kupolisi, ndipo mufunse za chikalata cha khoti choletsa munthu kumuyandikira, chomwe mayiko ambiri ali nacho pansi pa malamulo othana ndi nkhanza za m'banja.

Za kuopseza kuti sadzasamala mwana, asatekeseke nazo kwambiri. Pafupifupi kulikonse khoti limatha kulamula bambo kupereka chithandizo cha mwana, ukwati ulipo kapena palibe, ndipo akakana kuti si wake kuli kuyeza DNA. Ngati wina womupanikiza ndi abwana kuntchito, pangano nambala 183 la chaka cha 2000 la ILO, bungwe la dziko lonse loona za ntchito, limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba, ngakhale si mayiko onse analivomereza.

Chinthu chimodzi ndikupempheni inuyo, achemwali. Poti mwakwiya, musakhale inunso womuuza chochita. Wamva kale mawu a anthu ambiri. Mukhale naye pansi awiriwiri, foni muike patali, mumufunse chimene iye akufuna, ndipo akachedwa kuyankha mumudikire.