Fyuzi ya soketi ikungopsa pa RAV4: vuto lili pati?

Bambo ena a ku Ulongwe, ku Angónia m'dziko la Mozambique, atilembera pa imelo. Ali ndi Toyota RAV4 yochokera ku Japan, ya cha m'ma 2008. Soketi yoyatsira fodya, imene amachajirapo foni ndi kulumikizapo kapampu ka matayala, inasiya kugwira ntchito akuchokera ku Tete. Pa Moatize mnyamata wina anawaikira fyuzi yatsopano, koma inapsanso asanafike n'komwe pa Mussacama. Mnzawo akuwauza kuti aikemo ya 30A, kapena angopindamo kawaya. Akufuna adziwe pamene pali mafyuzi kuti azidzionera okha, ndiponso ngati nzeru ya mnzawoyo ndi yothandiza.

Tiyambe ndi mnzanuyo. Ayi bambo, musayerekeze. Fyuzi saiikira soketi, amaiikira waya. Waya wopita ku soketiyo ndi wowonda, ndipo anamuyesera fyuzi ya 15A kuti magetsi akachuluka, kachitsulo ka m'fyuzi kasungunuke waya asanatenthe. Mukaika ya 30A, kapena waya, kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, chosungunuka chikhala chikopa cha waya mkati mwa dashibodi, pamene mawaya ambirimbiri anawamanga mtolo umodzi. Kumeneko n'kumanga pakamwa galu amene akuuwa mbala. Fyuzi yapsa kawiri, ndiye kuti pali chimene chikuipsereza, ndipo chimenecho ndicho tifufuze.

Mabokosi a mafyuzi alipo malo awiri. Tsegulani boneti, muona bokosi lakuda lapulasitiki cha m'mbali, lokhala ndi chivundikiro chochita kukanikiza timakutu. Pa magalimoto ena alipo awiri. M'menemo mumakhala mafyuzi a zinthu zodya magetsi ambiri: fani ya rediyeta, nyali zakutsogolo, hutala, injini, pamodzi ndi ma relay, timaswitchi toyendetsedwa ndi magetsi. Lina lili mkati, pansi pa dashibodi, ndipo ndi lovuta kuliona mutakhala pampando. Gwadani panja chitseko chili chotsegula, muwalitse tochi choyang'ana m'mwamba, mbali ya chiwongolero. Mukapanda kulipeza yang'anani mbali inayo, kunsi kwa kabokosi kosungiramo mapepala. Fyuzi ya soketi ili m'limeneli. Pa X-Trail, CR-V kapena Escudo nkhani yake ndi yomweyi, kungosiyana malo pang'ono.

Buku la galimotoyo n'kutheka lili m'Chijapani, koma musade nkhawa. Pa chivundikiro pali mapu a mafyuzi onse, ndipo mayina ake ali m'zilembo zathu zomwezi. Toyota amalemba CIG pa choyatsira fodya, ndipo soketi zina zili pa PWR OUTLET kapena P/POINT. ACC ndi ya wailesi ndi tizinthu toyaka kiyi akangopotozedwa kamodzi, DOME nyali ya mkati, STOP nyali za mabuleki, TAIL nyali zam'mbuyo, WIP mawaipa, EFI injini. Jambulani bokosilo ndi foni musanazule kanthu, chifukwa malo ena amakhala opanda fyuzi kuchokera ku fakitale, ndipo pobwezera anthu amasokoneza.

Mtundu wa fyuzi umanena mphamvu yake: yabulauni 7.5A, yofiira 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yoyera 25A, yobiriwira 30A. Koma khulupirirani nambala ya pa chivundikiro, osati mtundu wa fyuzi imene mwaipezamo. Galimoto yadutsa m'manja ambiri, wina akhoza kukhala ataikamo yolakwika kale. Msinkhu nawonso umasiyana. Pali zazikulu, pali zazing'ono za miyendo yaitali, ndiye pali zazing'ono zosaonekera miyendo zimene zili m'magalimoto ambiri a ku Japan a zaka zimenezi. Popita kusitolo tengani yopsayo, munene kuti mukufuna fusível (fyuzi m'Chipwitikizi) ngati imeneyi. Zotchipitsitsa za m'timapaketi topanda dzina muzipewe. Zina sizipsa pa nambala yolembedwayo, zimangotentha mpaka kusungunula malo ake.

Pozula thimitsani kiyi. M'bokosi la ku injini mumakhala kopanira kapulasitiki kozulira fyuzi, ndi za sipeya zingapo ngati sanazitenge kale. Pulayala yosongoka imathanso, koma osafinya kwambiri. Iyang'aneni kotulukira kuwala: kachitsulo kopindika pakati kakaduka, yapsa.

Maso okha amanamiza, chifukwa kachitsuloko kamatha kuthetheka mosaoneka. Tesita ya babu, ija ya nthambo ndi kopanira, ndi yotsika mtengo ndipo imamaliza mkangano. Panani pa bauti yopanda penti ya thupi la galimoto, ikani kiyi pa ACC kapena ON, kenako gusani nsonga pa timadontho tiwiri tachitsulo tili pamsana pa fyuzi, osaizula. Ikayaka mbali zonse, fyuzi ndi yabwino. Ikayaka mbali imodzi yokha, yapsa. Ikapanda kuyaka konse, magetsi sakufika pamenepo: mwina kiyi sali pamalo pake, mwina vuto lili kumtunda, pa relay kapena pa fyuzi yaikulu. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi n'kufuna kumva kulira kwake, fyuziyo muizule kaye.

Tsopano pa nkhani yanu yeniyeni. Nthawi imene fyuzi ikupsera ndi imene ikuuzeni koyang'ana, ndiye kumbukirani bwino zimene zinkachitika.

Ngati imapsa pampu itagwira ntchito mphindi zingapo, palibe shoti (waya wa magetsi kukhudza chitsulo cha galimoto), katundu ndi amene wachuluka. Masamu ake ndi osavuta: 12V kuchulukitsa ndi 15A ndi 180W, ndipo pa soketi zambiri analembapo 120W, kutanthauza 10A basi. Timapampu ta matayala timakoka 10A mpaka 15A, ndipo timakoka kwambiri pamene tayala likulimba. Inveta (chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ya 300W ikamagwira ntchito mokwanira imafuna 25A kapena kuposa. Foni siingapsereze fyuzi, imadya pang'ono kwambiri. Mankhwala ake ndi kuchotsa pampuyo pa soketi: ikhale ndi zopanira zolumikiza pa batire penipeni, ndi fyuzi yakeyake pa nthambo yofiira, injini ikulira.

Ngati imapsa kiyi akangopotozedwa, popanda chilichonse cholumikiza, imeneyo ndi shoti. Yambani ndi m'soketimo, kiyi ali wothimitsa. Pansi pake pakati ndi pamene pali magetsi, ndipo khoma lake lozungulira ndi lolumikizana ndi thupi la galimoto. Kandalama kachitsulo kakagweramo kamakhudza zonse ziwiri. Chimodzimodzinso kansonga ka chaja yotchipa: kamamasuka, n'kutsalira mkati pamodzi ndi kasipuling'i kake. Tulutsani ndi kamtengo. Onaninso ngati timilomo ta mkatimo tapindika kapena tada ndi kupsa.

Yovuta ndi yachitatu, imene tikuganiza kwambiri kuti ndiyo yanu: fyuzi yokhala bwinobwino mpaka galimoto igunde dzenje. Pamenepo pali waya wosupuka amene amakhudza chitsulo pokhapokha galimoto ikagwedezeka. Wailesi za m'magalimoto a ku Japan a zaka zimenezi zimagwira FM ya 76 mpaka 90 MHz, pamene ma siteshoni a kuno ali pa 88 mpaka 108, ndiye pafupifupi galimoto iliyonse yochokera kumeneko inasinthidwa wailesi kapena kuikidwa kachipangizo kowonjezera. Oika ambiri amaba magetsi pa waya wa soketi, n'kupota ndi manja, n'kukulunga tepi. Dzuwa la ku Tete la mu Okutobala, lija lopitirira madigiri 40, likawomba dashibodi, zomata za tepi zimafewa, tepi n'kumasuka. Tulutsani wailesi muone kumbuyo kwake. Cholumikizira chilichonse chopota ndi manja chidulidwe, chiwotcheredwe ndi mtovu kapena chipanidwe ndi cholumikizira chenicheni. Ndipo poti kwanu ndi ku Angónia kwa chimanga, musaiwale makoswe. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena yonyamula matumba, makoswe amamanga chisa kuseri kwa dashibodi n'kumatafuna mawaya. Ndowe zawo ndi tizidutswa ta chikopa cha waya pa kapeti zimaulula.

Kuti musamalize mafyuzi pofufuza, amagetsi a galimoto amachita chonchi. Tengani babu la 21W, la indiketa kapena la mabuleki, mulilumikize ndi nthambo ziwiri, nsonga zake mulowetse m'malo mwa miyendo iwiri ya fyuzi. Ikani kiyi pa ACC. Shoti ikakhalapo babulo liwala kwambiri, koma palibe chimene chipse chifukwa babu lomwelo likuchepetsa magetsi. Zulani pulagi ya kumbuyo kwa soketi: likazima, soketi ndi imene yafa, gulani ina. Likapitiriza kuwala, vuto lili pa waya. Ngati silikuwala poyamba, gwedezani mitolo ya mawaya umodziumodzi, makamaka pamene ikudutsa m'mphepete mwa chitsulo, ndipo pamene babu liphethire ndi pomwepo. Mawaya ndi mapulagi achikasu okha musawakhudze kapena kuwayesa ndi tesita, ndi a airbag, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi.

Pali china chimene chimasokoneza anthu. Mukapeza pulasitiki ya fyuzi yasungunuka koma kachitsulo ka mkati kali kosaduka, si shoti. Timano togwira miyendo ya fyuzi talekera kapena tachita dzimbiri, ndipo pamenepo pakutentha. Zulani nthambo ya − pa batire ndi sipanala ya 10, mupale dzimbirilo, mufinye timanoto pang'ono kuti fyuzi izilowa mothina.

Poti mwayamba kutsegula mabokosiwa, dziwaninso izi za panjira. Giya ya otomatiki ikakanirira pa P, wina aime kumbuyo muponde buleki. Nyali zikapanda kuyaka, onani STOP, chifukwa loko wa giya amadikira chizindikiro cha buleki. Galimoto ikazimiratu zonse mutaikokera moto ku batire ina, kawirikawiri nthambo zinatembenuzidwa ndipo yapsa fyuzi yaikulu yolembedwa ALT, ya 100A kapena kuposa. Imeneyo siizuka ndi manja, inamangidwa ndi mabauti kunsi kwa bokosi, ndipo oikoka ndi pulayala amangoswa bokosilo. Mukakhala kutali ndi sitolo, bwerekani fyuzi ya nambala yofanana pa chinthu chimene mungayende popanda icho, ngati wailesi. Yocheperako nambala ndi yololedwa kwa kanthawi, yokulirapo ayi.

Babu lija likamawalabe mutazula soketi ndi zonse zoikidwa pambuyo pake, waya wasupukira mkati mwa mtolo, ndipo dashibodi iyenera kutsika. Siyani malo a CIG opanda fyuzi, galimoto iyenda bwinobwino choncho, mupite nayo kwa wamagetsi a galimoto amene ali ndi mita, osati kwa makaniko wa injini.